Atate ali mumdima ku Katete

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Elina wanu. Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa n'zochepa.

Mng'ono wanga Tiyanjane anachira, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Soya wa m'munda mwanu anachita bwino, anakolola ndi atsibweni. Chimanga chinapserera. Mbuzi yanu yamawanga ija inapita pa chiliza chanu, anthu anadya n'kuyamikira.

Chilizacho chitangotha, atsibweni anaitana atate pansi pa mtengo wa mango n'kuwauza kuti chimene anadzera ku Vubwi chagona m'manda, tsopano aone msewu. Munthu amene analima minda ya kwanu mpaka msana kupindika, amayi, anachoka ndi chikwama ndi Baibulo basi. Kwawo ku Sinda kunatsala mabwinja okhaokha, choncho achimwene anga, a Gidiyoni, anawatengera ku Katete, kunyumba yawo yatsopano.

Nyumbayo simunaione. Ndi yaikulu, ya mpanda wautali, poti malonda a kumalire akuwayendera. M'mawindo ndi pazitseko anaikamo mashata, zotchinga zachitsulo zimene zimapindikira m'mwamba ngati mphasa, ndipo makatani ake amayenda okha ndi mota. Ntchito yokonza mabatani oyendetsera zonsezi pa foni anandipatsa ine, popeza ndiyo imene ndimagwira ku Lusaka. Mukukumbukira mmene munasekera nditakufotokozerani? Munati, "Elina, anthu akewo alibe manja?"

Ndinaigwira ndi mtima wonse poganizira atate. Maso awo mukuwadziwa. Ndinajambula mabatani awiri akuluakulu, lina lolembedwa kuti Tsegula, lina Tseka, m'chinenero chathu. Chipinda chawo ndinachiika pamwamba penipeni kuti asachisake. Ndinapemphanso kuti pakhoma pafupi ndi bedi lawo pakhale batani logwira ndi chala, komanso chopukusira cha pamanja choti chithandize magetsi akazima.

Achimwene anaziyang'ana n'kukwinya nkhope. Anati zikuoneka zachimidzimidzi, alendo awo aseka. Anafuna Chingerezi, tizilembo ting'onoting'ono, ndi batani limodzi lotseka nyumba yonse akamachoka. La pakhoma anakana, chopukusiranso anakana, ati wakuba akalowa ndiye kuti tamupatsa kiyi. Ndinalimbana nawo mpaka anandiuza kuti ngati sindikufuna, ku Chipata kuli ena odziwa. Ntchito itatha, anachotsa foni yanga ndi ya atate kuti zisamayendetsenso zotchingazo. Nyumba yonse inatsala m'thumba mwawo.

Mwezi watha analawirira kupita kumalire a Mozambiki, alamu n'kupita ku maliro ku Mkaika. Potuluka pageti achimwene anadina batani lawo lija, osakumbuka kuti m'nyumba mwatsala munthu. Kenako magetsi anazima, monga amachitira masiku ano.

Atate anandiimbira dzuwa lili pamutu. Anandifunsa mwaulemu, ngati akufunsa mlendo, kuti kodi kunja kwacha. Amayi, ndinali muofesi, patsogolo panga pali mabatani omwewo amene ndinajambula ndekha, koma sindikanatha kukweza ngakhale shata imodzi. Foni ya achimwene sinkapezeka. Ndinaimbira a neba, anafika, anagogoda zitsulo, n'kumayankhulana ndi atate ngati akuyankhula ndi munthu wa m'chitsime. Kudula anaopa, ati si nyumba yawo.

Pofunafuna njira ya kuchimbudzi mumdimamo, atate anapunthwa pa tebulo lagalasi. Anang'ambika pachipumi, ndipo anagona pansi pomwepo mpaka magetsi atayaka, achimwene n'kuona mauthenga anga n'kutsegula nyumba. Ndimangokumbukira inu m'mawa uliwonse mukukankha mawindo athu a matabwa aja, mukukalipa kuti, "Tsegulani, muno simunafe munthu!"

Ndinakwera basi tsiku lotsatira. Ndinawapeza atakhala pakhonde, bandeji kumutu, akuyang'ana khoma la mpanda. Ndinayankhula, amayi, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinafunsa achimwene ngati anatenga atate kuti awasunge kapena awatsekere pamodzi ndi katundu wa kumalire. Iwo anati ngozi imagwera aliyense, ndipo ine ndisamalamule m'nyumba imene sindinaikepo njerwa. Anatinso ngati pali wolakwa ndiye wopanga mabatani.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandipweteka ndi atate. Anakweza dzanja n'kunena kuti, "Musakangane chifukwa cha ine, ana anga. Ine ndine mlendo pano." Anapepesanso chifukwa cha tebulo limene linasweka.

Mlendo, amayi. Ku Vubwi anali mlendo moyo wawo wonse, ife osadziwa. Tsopano ndi mlendo kwa mwana wobereka okha. Inu munalipo pamene ankadzuka kusanache kukaona mitambo ndi kununkhiza mphepo kuti adziwe za mvula. Lero amadikira foni ya Gidiyoni kuti iwauze kuti kwacha. Ndipo ndili ndi mawu ndi inunso: bwanji simunawamange pakamwa alongo anu muli moyo? Munkawadziwa bwino kuposa tonsefe.

Ndinapemphanso za batani la pakhoma, achimwene anati aganiza. Mpaka pano akuganizabe. Popita kokwerera basi atate anandiperekeza pang'onopang'ono mpaka pamsewu waukulu. Tili pamenepo anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti masiku ano, akamva galimoto ya Gidiyoni ikulira, amathamangira panja n'kukhala pampando kuseri kwa nyumba mpaka eni ake abwere, kaya kutenthe kaya kuzizire. Anati ndisauze munthu. Ndauza inu nokha.

Ku Lusaka ndimakhala m'zipinda ziwiri, denga lake limadontha pakona. Achimwene adzati ndawachititsa manyazi pamaso pa mpingo, ndipo mwina sadzandiyankhulanso. Zikhale choncho. Mvula isanagwe ndikupita ku Katete kukawatenga atate, ndikulonjeza. Kwanga kuli windo limodzi, katani yake ndi chitenje chopachika pa waya, ndipo adzaikoka okha.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakukwiyirani,
Elina