Masewero 99 a Lisandro Barrionuevo

KOMITI YA KALABU YA RAGIBI YA SAN ONOFRE, TUCUMÁN

Tsiku: Lachiwiri, 12 Ogasiti 2025, 5 koloko madzulo
Malo: Chipinda chodyera cha kalabu
Opezekapo: Evaristo Lizondo (Wapampando), Nélida Ovejero (Dokotala), Hilario Pedraza, Fermín Costilla (Mlembi), Lisandro Barrionuevo (woitanidwa)
Opepesa: Ubaldo Ríos (akuti chimfine)

1. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinavomerezedwa popanda wozimvetsera.

2. Pempho la a Barrionuevo

Wapampando anakumbutsa komiti kuti pakhoma la chipinda chino pamalembedwa mayina a okhawo amene asewerera timu yaikulu masewero 100. A Barrionuevo, nambala 3 wathu wakale (wamzere wakutsogolo pokankhana), anasewera 99, kenako analembedwa ntchito ku France komwe anakankha sikilamu (pomwe osewera amawerama n'kukankhana ndi mapewa polimbirana mpira) zaka khumi ndi zitatu m'makalabu atatu. Abwerako khosi lili ndi zitsulo zimene madokotala anaikamo, ndipo akupempha kusewera Loweruka kuti akwanitse 100.

Dokotala anati sikilamu imodzi yokha itagwa molakwika, a Barrionuevo sadzayendanso.

A Pedraza anati amene anasiya anzake n'kukasewerera malipiro asamalirire khoma. A Barrionuevo anayankha: "Achimwene, anandikumbatira ndani pabwalo la ndege ndikupita ku France, mamina ali chuchuchu?" A Pedraza anati linali fumbi.

Dokotala anapereka ganizo loti alowe mphindi yomaliza, akaime kuphiko, m'mphepete mwa bwalo, kutali ndi sikilamu. A Barrionuevo anaseka: "Mayi Dokotala, thupi ili kuphiko? Anthu aziti tayimika firiji m'bwalo. Ine ndine nambala 3. Ndikalowa, ndikankha."

Wapampando anati komiti ikhoza kungolemba dzinalo pa 99. A Barrionuevo anakana, nati bambo awo anakwanitsa 100 ndi nthiti zothyoka, ndiye iwo sangalembedwe pansi pa dzina la bambowo mochita kumveredwa chisoni. Apa a Pedraza anasintha maganizo, nati, powatchula a Barrionuevo dzina lawo lachibwana: "Msiyeni Gordo akankhe. Khosi ndi lake."

Mavoti: ovomereza awiri (a Pedraza, Mlembi), okana awiri (Dokotala, Wapampando). Mavoti akafanana, mbali ya Wapampando ndiyo imapambana. Pempho linakanidwa.

Wapampando, amene anaphunzitsa a Barrionuevo kukankha, anati: "Mwana wanga, undide ndithu. Koma uzindida ukuyenda ndi miyendo yako." A Barrionuevo anati: "Ndamva, aphunzitsi." Mlembi akuvomereza kuti anavota molakwa, ndipo mtima unamuwawa kawiri: poluza, ndi pozindikira kuti kuluzako kunali bwino.

3. Zina ndi zina

A Pedraza anadandaula kuti nyama yodyetsa alendo masewero akatha ikumapserera.

A Barrionuevo anatulutsa m'chikwama nsapato zosewerera zatsopano, saizi 48, zimene anagulira Loweruka. Anaziika patebulo, nati zipatsidwe kwa aliyense amene zingamukwane, natuluka. Komiti inayang'ana mndandanda wa osewera onse. Palibe amene zingamukwane. Mlembi anauzidwa kuti azisunge.

4. Msonkhano wotsatira

Lachiwiri, 9 Sepitembala 2025, malo omwewa.

Msonkhano unatsekedwa 6:20 madzulo. Wapampando anapempha kuti asaine mawa.

Wapampando: ____________________

Mlembi: Fermín Costilla