Nyimbo Imene Unatumizira Bambo

Wusakile, Kitwe
9 Malichi 1948

Wokondedwa mng'ono wanga Reginald,

Ndikhulupirira uli bwino ku Amerekako. Ife kuno tilipo. Mwendo wa Mayi wayamba kuphwa, mlamu wako Edna ndi ana ali bwino. Bambo m'thupi ali bwino, koma mumtima ayi, ndipo wachititsa ndiwe.

Phukusi lako linafika pa 20 Febuluwale. Munali mbale ya galamafoni ndi kalata yonena kuti kuyunivesiteko ukuphunzira Chisipanishi ndi miyambo ya eni ake, ndi kuti nyimboyo munaimvera m'kalasi. Basi. Kodi cholembera chikanathyoka ukanawonjeza kuti ndi nyimbo yovina?

Galamafoni tilibe, ukudziwa. Ndinapempha Bambo kuti tiyambe taimva patokha. Anakana. Ati nyimbo yophunzitsidwa kusukulu yaikulu chotero ndi ya Mulungu basi, ndipo mpingo umene unakuperekeza kusitima ku Ndola ndi mapemphero uyenera kuimva.

Lamulungu pa 29, titatuluka m'tchalitchi, Bambo anaika galamafoni ya a Cyril atelala patebulo, pabwalo. Anavala jekete lawo lakuda lija. Anayamba apemphera, kenaka anauza anthu kuti amve mmene Akhristu a kutsidya la nyanja amatamandira Yehova.

Reginald, kunatuluka ng'oma, maseche ndi malipenga. Anyamata akwaya anayamba kugwedeza mapewa. Mayi Zelipa a Mvano anatseka makutu, ati mwatibweretsera Sodomu pakhomo la Ambuye. Munthu wina wodutsa pamsewu anakuwa m'Chibemba kuti agogo bwerezani, imeneyo ndi rumba yonga ya ku Katanga, timavina kuholo ya mowa tikalandira malipiro. Bambo sanadziwe pozimitsira makinawo. Anangoima, chipewa kumanja, mpaka nyimbo inatha.

Seshoni, bwalo la akulu a mpingo lija, yawaimitsa pa ukulu wa mpingo ndi pa mgonero kufikira atavomera kuti analakwa. Akanavomera, bwenzi nkhani itatha. Koma akukana. Ati kulapa ndiko kuvomera kuti mwana wawo akuphunzira zauve, ndipo Reginald sangatero. Ati mawuwo tikanawamva tikanapeza kuti ndi Salimo. Tsopano amakhala pabenchi yakumbuyo, munthu amene anaumba njerwa za tchalitchi chimenecho. M'komboni ana amawatsata akuimba kanyimboko, ena ayamba kuwatchula kuti a Rumba.

Ine sindimakonda kukweza mawu, koma ndakwiya nawe kwambiri. Iwe unakulira m'nyumba muno, Bambo umawadziwa kuti chochokera kwa iwe safunsa kawiri. Unaganiza kuti mbaleyo akaimvera kuti? Chisipanishicho sindikudziwa udzalankhula ndi yani kuno, poti pamgodi ndi Chibemba ndi Chingerezi, koma zimenezo tidzakambirana ukadzabwera. Chikundiwawa n'chakuti ukuphunzira miyambo ya eni ake, yakwanu waiwala.

Seshoni idzakhalanso Loweruka pa 24 Epulo. Akadzakananso tsiku limenelo, adzadulidwa mumpingo. Ndawapempha, Mayi alira, abusa abwera okha kunyumba, koma onsefe akuti sitidziwa Chisipanishi. Wochidziwa ndiwe.

Choncho lembera Bambo lero lomwe, utumize pa ndege. Uike mawu a nyimboyo m'Chinyanja monga alili. Ngati ndi za mkazi ndi kuvina, unene choncho, usakometse, ndipo uwauze kuti wolakwa ndiwe amene sunafotokoze. Zidzawapweteka, ndikudziwa, ndipo mwina sadzakuyang'ananso monga kale. Koma ine sindilola kuti afe ali kunja kwa mpingo chifukwa chotchinjiriza dzina lako.

Upereke moni kwa banja limene ukukhala nalo. Mayi akuti uzivala zofunda. Bambo sakudziwa kuti ndalemba. Mulungu akusunge, akupatsenso manyazi pang'ono.

Ine mkulu wako,
Fanuel Chisale