Waya Wofiira ndi Wobiriwira

Limbe,
14 Malichi 1988

Achemwali anga a Nafisa,

Muli bwanji kumeneko ku Phalula? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine thupi lili bwino, koma mtima iyayi.

Mukukumbukira muja munkandikalipira kuti ndathyola matimati osapsa? Sikunali kupusa, achemwali. Maso angawa sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Kuno ku fakitale ya mafuta ophikira ndabisa zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankadziwa ndi Jasten yekha, mnzanga wa zamagetsi, amene ankandimatira katepi pa waya wofiira aliyense.

Lachiwiri lapitalo tinkasintha bokosi loyang'anira kutentha kwa thanki ya mafuta. M'bokosimo muli kaswichi kotchedwa rile, kamene kamaliza belu mafuta akatentha mopitirira. Jasten anazemba kupita kuchipatala atamva kuti mkazi wake wachira, mwana wabadwa. Ine ndi matama angawa ndinati ndimaliza ndekha. Ndinamanga pa rile waya wobiriwira, wongosungira, wosapita kulikonse. Wofiira wa belu ndinaupinda n'kuusiya pambali. Jasten atabwera anangosayina pepala la ntchito osayang'ana, poti amandikhulupirira.

Lachinayi mafuta anatentha, belu lili zii! Thanki yonse inapserera, ndipo a Samson, oyang'anira thankiyo, anapsa dzanja.

Jasten amuchotsa ntchito. Apolisi amuitana kawiri, akuti anachita dala kuti awononge chuma cha dziko. Mukudziwa kumene mawu otere amamufikitsa munthu masiku ano. Dzulo ndinapita kwawo ku Bangwe. Anandiuza kuti nditseke pakamwa, tisathere limodzi tonse awiri. Amanena zimenezo khanda lija lili m'manja. Achemwali, manyazi ake! Tiyi amene anandipatsa anachita kuzizira m'kapu.

Mawa ndikalowa mu ofesi ya abwana ndi mawaya awiriwo, ndikawauze kuti andiyese okha maso. Ntchito yatha basi, zinazo akudziwa ndi Mulungu. Ndikuopa, sindikunamizani.

Pempho langa ndi limodzi: dimba langa la kumtsinje lija musalibwereketse chaka chino. Apolisi akandisiya, ndibwera. Kudzala ndi kuthirira ndidzachita ndekha, koma kuthyola matimatiwo mudzathyola ndinu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume a Swaibu, kwa alamu ndi ana onse. Mundikumbukire pa swala.

Ndine mlongo wanu,
Usumani