Tsiku Limene Amayi Anandituma Nkhwangwa

Muhala, Nampula
Marichi

Achemwali anga a Elsa,

Landirani moni wanga m'dzina la Ambuye wathu. Muli bwanji kumudziko? Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Ulendo watha munati maso awo ayamba kuchita nkhungu ndipo kutchalitchi akupita mochita kuwagwira dzanja. Kodi mankhwala aja anathandizako? Nanga alamu a Samisoni, chifuwa chija chinawasiya? Muwauze asamaumirire kupita kunyanja thupi lisanabwerere m'malo, usipa sudzatha.

Ife kuno tilipo. Kukutentha kwambiri, ndipo mpopi wa m'dera lathu umatulutsa madzi tsiku limene wafuna wokha. Mlamu wanu Yudita akulimbanabe ndi kuthamanga kwa magazi, koma geni yake ya mandasi sanasiye. Ine ndidakali ku ofisina komwe kuja, kushopu yathu ya zitsulo, kuwotcherera mageti ndi mawindo. Maso ayamba kundiwawa ndi moto wa chitsulo, moti kalata ino ndikulemba pang'onopang'ono. Ndaipatsira a Ricardo amene akubwera ku Metangula ndi katundu, iwo adzapeza woifikitsa kwathu ku Cobue. Ndikanatha kuimba foni, koma zimene ndikufuna kunena sindingathe kuzinena pa foni.

Nkhani yabwino ndi yakuti mwana wanu Duwa anapeza malo kusukulu ya unamwino ku Quelimane, ndipo wapita sabata yatha. Ndikudziwa kuti musangalala. Koma dziwani kuti panatsala pang'ono kuti asapite, ndipo womutsekereza ndinali ine bambo wake.

Inu simunakhale nafe nthawi yaitali, choncho simudziwa mmene ndalerera ana angawa. Chibadwire, Duwa ndi mlongo wake Nelio sindinawatumepo kanthu. Mchere ukatha ndinkapita ndekha kukagula, ngakhale nditangofika kumene kuntchito. Yudita akawatuma, ine ndinkawatsatira chapatali. Duwa ndinkamuperekeza kusukulu mpaka atakhala namwali, anzake akumuseka. Anansi ankati ana a Lázaro ndi mazira. Yudita ankadandaula kuti ndikuwapundula, ine nkumayankha kuti tauni ndi yoopsa. Ndinkakhulupirira ndithu kuti chimenecho ndi chikondi basi.

Zotsatira za Duwa zitatuluka, ndinakana. Ndinati Quelimane ndi kutali, kulibe mbale wathu, ayembekeze malo a kuno. Mwanayo sanakangane nane. Anangondifunsa kuti kodi anandilakwira chiyani kuti ndisamamukhulupirire, kenako anasiya kudya nafe pamodzi.

Tsiku lina ndinabwera kunyumba masana kudzatenga chipangizo chimene ndinaiwala. Ndinapeza chitseko chili pululu, moto ukufuka pambaula, m'nyumba mulibe munthu. Yudita anali kwa mnansi kuseri, Nelio kusukulu, Duwa anapita kukajambulitsa zithunzi za mapepala ake. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Pa nthawiyo sindinaganize chilichonse. Ndinangozindikira ndikuthamanga mumsewu kulowera kokwerera maminibasi aja timati chapa, nsapato imodzi itavuka, ndikusuzumira m'galimoto iliyonse ndi kukuwa. Achemwali, anthu amene anandigwira akuti sindinkaitana Duwa kapena Yudita. Akuti ndinkaitana amayi. Munthu wa imvi kumutu, pakati pa anthu ogulitsa nthochi.

Yudita ndi amene ananditengera kwa amayi Florinda. Awa ndi mayi wachikulire wa mumpingo mwathu, mphunzitsi wopuma, amene anaphunzira za uphungu wachikhristu, ndipo ansembe anawapatsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi kolandiriramo anthu a mavuto a m'banja. Ndinapita monyinyirika. Ndinkayembekeza kuti andiwerengera mavesi ndi kundiuza kuti ndisale kudya. Iwo anangopemphera mwachidule, nkundifunsa kuti ndi liti pamene ndinayamba kupeza nyumba yopanda anthu.

Ndinawauza kuti sindikumbukira. Ulendo wachiwiri ndinawauzanso chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinalankhula mpaka dzuwa linapendeka.

Inu mukulidziwa tsikulo, koma mukulidziwa muli m'ngalawa. Lolani ndikuuzeni mmene linalili kumtunda.

Unali mmawa, nthawi ija ya nkhondo pamene mudzi wa kumwera kwathu unali utangowotchedwa. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi anandiitana kuseri kwa nyumba nkundituma kuti ndikatenge nkhwangwa yathu kwa amalume a Akimu, kumunda kwawo kuphiri. Ndikunyamuka anandigwira paphewa, nati, "Usathamange, uyende bwinobwino."

Ndinayenda bwinobwino monga anandiuzira. Ndinaima panjira kutola masuku. Amalume anandipatsa nkhwangwayo, ndinaisenza paphewa nkutsika. Nditafika ndinapeza chitseko chili pululu, moto ukufuka, mphasa palibe, mtondo uli chigonere pabwalo. Ndinathamangira kugombe. Ngalawa ya a Fakihi inali itafika kale pakati pa madzi, thanga litakwezedwa, italunjika ku Likoma. Ndinkaona mitu ya anthu koma nkhope sindinkaziona. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Nkhwangwa ija sindinaitule, chifukwa ndinkaganiza kuti ndikaitaya ndiye kuti sadzabweranso kudzanditenga. Amalume anandipeza pomwepo ndili chiimire, mfuti zitayamba kale kumveka chakumwera.

Tinakhala m'mapiri dzinja lonse, ine, amalume ndi mabanja ena, tikudya chinangwa chowawa ndi kugona m'mapanga. Za kumeneko sindilemba lero. Amalume atandiwolotsa, ndinakupezani nonse pa Likoma muli amoyo. Amayi anandisambitsa akulira, bambo anandiyang'ana nkunena kuti ndatalika, inu munandipatsa malaya anu akale a sukulu. Panalibe amene anatchula za tsikulo. Nanenso sindinafunse. Tinabwerera kwathu nkhondo itatha, bambo anamwalira, amalume anamwalira, ndipo mpaka lero pakamwa pa aliyense sipanatulukepo mawu amodzi.

Koma ine ndakhala ndi mawu a amayi aja moyo wanga wonse. Ndikamawotcherera chitsulo amabwera. Ndikakhala m'tchalitchi amabwera. Ndinadziuza kalekale kuti ngalawa inali yodzaza, a Fakihi anati mmodzi atsale, ndipo amayi anayang'ana ana awo nkusankha ine. Inu munali wamkulu wothandiza ntchito, Reinaldo anali wakhanda kumsana. Wapakati ndinali ine. Anandituma kuti ndisaone akunyamuka, ndipo anati ndisathamange kuti ndisawapeze.

Nchifukwa chake ndinachoka kumudzi ndikadali mnyamata. Nchifukwa chake ndikabwera ndimagona masiku owerengeka, ndipo amayi akandiitana kuti tikhale awiri ndimapeza chochita kugombe. Mwakhala mukundinena kuti tauni inandidya mtima. Si tauni, achemwali.

Amayi Florinda anamvetsera zonsezi osandidula. Sananene kuti ndikhululuke msanga, sananenenso kuti amayi sakanachita zotero. Anati iwo kunalibe, sangandinamize. Koma anandipempha kuti nditseke maso ndimuyang'ane mwana uja akukwera phiri, ndiwauze zimene wavala. Ndinati kabudula wa kaki wong'ambika. Anafunsa za kumapazi. Apo ndinaona chinthu chimene ndinali nditachiiwala kotheratu. Phazi lakumanzere linali lomangidwa ndi kansalu kong'ambidwa pa kapulana, chitenje cha amayi. Ndinali nditaponda mbedza masiku apambuyo pake, ndipo chilondacho chinkatuluka magazi ndikathamanga. Chipsera chake ndili nacho mpaka pano, ndimachiona tsiku lililonse posamba, koma sindinachilumikizepo ndi mmawa umenewo.

Tsono onani pamene ndaima. Mwina amayi anati ndisathamange chifukwa cha chilonda, mbiri ya mfuti nkufika ine nditachoka kale, anthu nkuwakankhira m'ngalawa. Mwinanso ndi zija ndakhala ndikuganiza. Zonse ziwiri zikutheka, ndipo mutu wanga ukungozungulira pakati pake.

Amayi Florinda anati bala limene munthu sanalitchule dzina amalipatsira ana ake osadziwa. Anati ine ndakhala ndikulondera Duwa kuti asasiyidwe, pamene wosiyidwayo si Duwa. Anandiuzanso kuti tsiku lija Mulungu sanakwere ngalawa kundisiya, anali pagombe pomwepo, ndipo ndi amene anatsitsa amalume kuphiri. Mawu amenewa ndikuwalandira pang'onopang'ono. Masiku ena ndimawakhulupirira, masiku ena ndimangowanena pakamwa. Iwo akuti zimenezo si tchimo, ndizipitabe, ndipo ndikupitabe Lachinayi lililonse.

Chimene anandilimbikitsa kuchita msanga ndi kumuuza Duwa zoona. Ndinamuitana pakhonde Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinamufotokozera zonse monga ndakulemberani. Inali nthawi yoyamba kuti mwana wanga andione ndikulira. Nditamaliza, iye anati, "Bambo, ine sindikuthawani. Ndikutsanzikani."

Tsiku la ulendo ndinamunyamulira chikwama mpaka kokwerera basi. Ndinamupempherera pomwepo anthu akuona, ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti apite, ndamulola. Basi itayamba kuyenda miyendo yanga inafuna kuithamangira. Yudita anandigwira mkono mwamphamvu, ndipo ndinaima. Sindinganene kuti ndachira. Ndikalowa m'nyumba ndikupeza chipinda cha mwanayo chili zii, mtima umagunda ngati ndakwera phiri. Koma dzana ndinamutuma Nelio kukagula buledi, ndinakhala pampando mpaka anabwera. Anabwera akudya kansonga ka buledi, osadziwa nkomwe kuti bambo ake anyowa thukuta thupi lonse.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Inu munali m'ngalawa muja, ndipo munali wamkulu woti mukukumbukira. Ndilembereni zimene zinachitika mmawa umenewo. Ndani anabweretsa mbiri yoti tithawe, ndipo inafika ine ndisanatumidwe kapena nditapita kale? Amayi ananena chiyani pokwera? Kodi alipo amene anapempha a Fakihi kuti adikire? Kodi munandiona pagombe paja?

Musandikonzere nkhani kuti mundisangalatse. Ngati anachita kusankha, ndiuzeni choncho. Inenso tsopano ndine kholo, ndipo ndayamba kuganiza za mayi amene ali ndi ana atatu, mfuti kumbuyo, madzi kutsogolo, mwini ngalawa akuwerenga mitu. Sindikufuna kuwaimba mlandu. Ndikufuna ndidziwe chimene ndikukhululukira, kapena ndidziwe kuti panalibe chokhululukira, ndipo ndawalanga amayi anga zaka zonsezi ndi kukhala chete kwanga popanda chifukwa. Chachiwirichi ndi chimene chikundiopsa kwambiri.

Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu. Mwina inunso tsikulo limakubwererani, ndipo palibe anakufunsanipo. Ngati ndi choncho, mundikhululukire kuti ndachedwa kufunsa.

Kalata ino musawawerengere amayi. Mungowauza kuti ndibwera pa Pasaka, ndipo ulendo uno sindidzafulumira kubwerera. Ngati mphamvu zidzandilola ndidzawafunsa ndekha, koma ndikufuna ndiyambe ndamva kwa inu, kuti ndisadzawagwetse ndi funso limene sangathe kulinyamula pa ukalamba wawo. Chimene ndikupempha Mulungu tsiku lililonse ndi chakuti awasunge mpaka ndifike.

Mundiperekere moni kwa alamu a Samisoni ndi ana onse, kwa mng'ono wanga Reinaldo ndi akazi ake, kwa azakhali ku Msumba, ndi kwa ana a malemu amalume a Akimu, amene bambo awo anandilera m'phanga ngati mwana wawo. Yudita ndi Nelio akupereka moni. Duwa akuti akapuma sukulu akufuna adzaone agogo ake, ndipo akuti adzabwera yekha pa basi. Ndamuuza kuti inde.

Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti ndi la Lázaro.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ine mlongo wanu,
Lázaro