Juzi ya Mzime Wathu

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tikupuma, kungoti Amayi mtima wawo ndi womwe uja.

Chaka chino wailesi ya m'shopu yometera ya mzime wathu sinapume. Lero asilikali alanda boma kwinakwake, mawa kwabuka nkhondo, mkuja anthu adzaza misewu mpaka mtsogoleri wawo kuthawa pandege. Ndiye mukumudziwa mng'ono wanu, pakamwa sipatsekeka. Ankameta munthu theka la mutu n'kuyamba kutambasula nkhani za dziko lonse, mwini mutu ali duu, nsalu m'khosi.

Kenako zinafika kwathu kuno. Atalengeza kuti chisankho chayimitsidwa, iye anafunsa bambo wina amene ankamumeta kuti ngati anzathu akunja akuchotsa atsogoleri awo, ife tikudikira chiyani. Bamboyo anaseka, nathokoza kuti wametedwa bwino. M'mawa mwake kunabwera galimoto yopanda nambala. Ine pofika ndinapeza chitseko chili pululu, makina ometera akulirabe pansi.

Ndapita kupolisi, kundende, mpaka kumalo osungira mitembo. Kulikonse akuti samudziwa. Ndatopa, Achimwene, ndipo ndili ndi mantha.

Adokotala anandichenjeza kale kuti Amayi asamve zodzidzimutsa. Choncho ndinawauza kuti mzime wakutsatirani kumeneko, mwamupezera ntchito. Anangodandaula kuti mwana wopanda khalidwe, wachoka osatsanzika.

Ndamva kuti amene apambana chisankho kumeneko alonjeza kuthamangitsa alendo, ndipo inu mukuganiza zobwerera. Chonde limbani mtima, musabwere. Ndikudziwa kuti ndikukupemphani kugona pamoto. Koma mukalowa pakhomo pano nokha, Amayi ayang'ana kumbuyo kwanu, ndipo bodza langa lidzaululika.

M'phukusili muli juzi yobiriwira. Amayi ailuka okha, maso awo ovuta omwewo, akuti kumeneko kumazizira ndipo iye anachoka ndi malaya okha. Mukawaimbira foni muwauze kuti yamukwana, kuti ali kuntchito, kuti wanenepa. Juziyo musaivale, musaipereke kwa wina. Isungeni bwino, mwina mwini wake adzaifuna.

Mulungu akusungeni m'dziko la enilo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni kwa nonse, ndipo akuti mumuuze mzime achepetse kulongolola, angadzaone zakuda.

Ine mlongo wanu.