Alongo Anu Abwerera ku Ndeke

Okondedwa alamu anga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chipata pamodzi ndi ana. Kuno ku Nangongwe tonse tadzuka bwino, ndipo chifuwa cha mwana wanu Tisa chatha.

Nkhani ndi ya alongo anu. Chitsekereni kampani ya ndeke ija, mukudziwa kuti akhala akuyendetsa minibasi ya ku Lusaka. Mwezi watha kampani ina yaing'ono, yonyamula alendo okaona nyama, inalengeza kuti ikufuna mapailoti awiri. Atapita kukayesedwa, anapeza khonde lodzaza ndi anzawo akale, ngakhale a kaputeni amene anawaphunzitsa kuulutsa ndeke analipo. Anabwerako atafooka. Anati, "Amake Tisa, ngati aphunzitsi anga akuima pamzere, ine angandione ndani?"

Lachiwiri kalata ya kampaniyo inafika. Sindinathe kudikira, ndinathamanga nayo kusiteshoni nditavala patapata. Anaiwerenga atatsamira chitseko cha basi, kenako anauza amayi okwera kuti, "Ba mayo, khalani bwino, lero akuyendetsani ndi pailoti." Basi yonse inaseka. Alamu, awatenga, iwo ndi a kaputeni aja. Ayamba Lolemba.

Yunifomu yawo ndaichapa kale, koma pamimba ikukana kumanga. Chonde tumizani mpunga wa kumeneko, tidzadye ndi a kumpingo pothokoza. Muwapempherere akamauluka, ndiponso anzawo amene anatsala pakhonde paja.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Amake Tisa