Ng'ombe si Chambo

Lolemba, 3 Juni
Mkazi wanga Mwanamvua watuluka m'chipatala. Wowonda, manja ozizira. Anamwino akuti magazi achepa, azidya nyama ndi masamba, apo ayi abwerera pabedi lomwe lija. Lero phala masipuni atatu basi. Ndikuopa.

Lachitatu, 5 Juni
Mwera wakula, bwato lili kumtunda. Ndinapita kubutchala ya Che Ahmad. Ndinapeza nyama yofewa itatha kale, kwatsala ya mwendo, mitsempha yokhayokha. Ng'ombe imeneyi iyenera kuti inkakoka ngolo. Koma zaka makumi atatu ndili msodzi, kuphika ndimakudziwa: moto waukulu, mafuta, tembenuza kawiri, phula. Chambo timatero. Mwanamvua anati, "Yakoma, bambo a Sumaiya." Mbale inabwera yoyera. Ndinayenda chifuwa patsogolo tsiku lonse.

Lachinayi, 6 Juni
Pokayanika mphasa yake ndapeza nthuli zonse zisanu, zokulunga m'kansalu. Mano anangodinda pamwamba. Anayesa, inamukanika, n'kubisa kuti ndisachite manyazi. Ndiye kuti dzulo anagona ndi njala ine ndikudzitama. Chitsiru ine! Ndalira kuseri kwa bafa.

Loweruka, 8 Juni
Ndadzitsitsa, ndapita kwa a Esime oyandikana nafe. Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ng'ombe si nsomba, achimwene, imafuna kuinyengerera." Akuti ndidule timagawo ting'onoting'ono mopingasa, ndipake papaya wamuwisi wopala, ola limodzi lokha, ndikapitirira isanduka phala. Kenako kutsuka. Madzi otentha, nkhuni ziwiri zokha, kuvundikira, osamangosuzumira. Tomato kumapeto. Ndagulanso ya mwendo yomweyo.

Lamulungu, 9 Juni
Pamafuwa kuyambira m'mawa mpaka kumzikiti ataitana swala ya masana. Utsi m'maso, msana kuwawa. A Bonface podutsa ndi ukonde wawo: "Nyanja mwaisiyira ndani, akhukhi?" Ndangowayang'ana. Nyama ija nditaidina ndi chala, yanyenyeka yokha.

Lero sindinamusiye Mwanamvua yekha ndi mbale. Ndinakhala pomwepo, maso pakhosi pake. Nthuli yoyamba wameza. Yachiwiri. Msuzi wamwera m'mbale momwemo. Pa yachinayi anaima, n'kutola kanthu ndi zala, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Anyezi uyu mumadulira mbuzi kapena munthu? Mawa mundiikire mpando pakhomo pa khitchini, ndikuonetseni."

Mawa. Wanena yekha, ndi pakamwa pake, kuti mawa.